Gulo ndi Sitepe Yopunthwitsa

Padangokhala, abale anga, kalekale nyama zidakalima munda umodzi, padali Gulo. Vomerani kuti tili tonse, ndisamangolankhula ndi makoma.

Gulo ameneyu sadali mbava, sadali mlesi, koma adali ndi nthenda imodzi, nthenda ya kufunsa. Akangoona chinthu, mutu m'mwamba, mutu pansi, kenako, "Kodi ichi n'chiyani? Nanga chakhaliranji chonchi?" Anzake adali atatopa naye. Nyumba yake idali mumng'alu wa thanthwe lalitali, ndipo pamwamba pa thanthwelo ndi pomwe padali nkhokwe ya mbewu ya mudzi wonse.

Mwambo wake udali wotere. Akakolola, banja lililonse linkapatula nzama zosankhika, kuzisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asaziboole, kuzithira mumtsuko n'kumata pakamwa ndi dothi. Mitsukoyo inkakwezedwa pathanthwe, kutali ndi ana komanso njala, mpaka mvula yoyamba itagwa. Tsono mfumu ya mudziwo, a Njati, pathanthwe sankakwerapo. Akwera bwanji ndi ziboda? Choncho wosunga mbewu adali nduna yawo, a Nyani, poti iwo ndiwo adali ndi zala.

Tsiku lina a Nyani akutsika kunkhokwe, Gulo adali pakhomo pake kuothera dzuwa.

"Mwaswera bwanji, a nduna?"

"Mmm."

"Kodi a nduna, bwanji pokwera mumayankha moni bwinobwino, koma potsika mumangoti mmm? Nanga masayawo atupa ndi chiyani? Ndi dzino?"

Adafunsa mokweza, amayi akudutsa ndi mitsuko ya madzi. A Nyani adamuyang'ana ndi diso lofiira n'kukazimirira kuseri kwa chulu.

M'mawa mwake ng'oma idalira pabwalo. A Nyani adaimirira, nkhope ngati ali pamaliro.

"Wawa mfumu. Ndabwera ndi uthenga wowawa. Mitsuko ya mbewu yabooledwa, nzama zatha theka. Wakuba ndi uyu wogona kunsi kwa nkhokweyu. Onani zomwe ndatola pakhomo pake." Adatambasula dzanja, ndipo m'menemo mudali nzama zotuwa ndi phulusa.

"Ine?" adakuwa Gulo. "Ine ndimadya nyerere! Nzama ndingaitafune ndi chiyani? Tabwerani muone m'kamwamu!"

Koma ndani ankafuna kusuzumira m'kamwa mwa buluzi? Mudzi udali utapsa mtima, pakuti popanda mbewu palibe chaka chamawa. A Njati sadali mfumu yankhanza ayi. Ankangokonda mthunzi ndi kubzikula, ndipo milandu yaitali inkawapatsa tulo. Adaweruza msangamsanga: tsiku lomwe mvula yoyamba idzagwe, Gulo adzaperekedwa kwa Kabawi, msilikali wa mfumu. Kabawi atamva adayamba kunola zikhadabo pamwala pomwepo, kwee, kwee, osachita ndi manyazi omwe.

Gulo adachita mantha mpaka mchira kuuma, koma nthenda ija sidamuleke.

"Wawa mfumu, ndifunseko kamodzi ndisanafe. Kodi nkhokwe yanuyo mudaionako ndi maso anu?"

A Njati adaleka kutafuna.

"Ayi. Sindidaionepo."

"Mitsukoyo idaikidwa motani? Nanga mudzi wanuwu umaoneka bwanji munthu akaima pamwambapo?"

"Kaya," adatero a Njati, maso ali kuthanthwe. Mwaona, nthenda ya Gulo ndi yopatsirana.

"Ndiloleni ndikumangireni makwerero mukaone nokha. Mvula ikagwa musanafike pamwamba, Kabawi andidye. Mukafika n'kupeza kuti wakuba ndine, andidyebe."

"Mlekeni ayese, mfumu," adatero a Nyani akuseka. "Mitambo yayamba kale kusonkhana."

Tsono ndikuuzeni zoona, Gulo makwerero sankawadziwa n'komwe. Adangomvako kwa Gogomole, mbalame yogogoda mitengo ija, yemwe adali mmisiri wa m'mudzimo ndipo adawaonapo kumudzi kwa anthu. Gulo adathamangira komweko.

"A mmisiri, ndipulumutseni. Makwerero amayambira pati?"

"Pansanamira. Ukumbe, uzike, utsendere."

"Kenako?"

"Mitanda iwiri italiitali, yotsamira kuchokera pansi mpaka pamwamba. Imeneyo ndiyo imasenza zonse."

"Nanga phazi limaponda pati?"

"Pamasitepe, iwe! Amapingasa pakati pa mitandayo. Mafunso akowa ndi omwe akuphetsa."

Mudzi udabwera kudzathandiza, osati chifukwa chomukonda Gulo, koma aliyense ankafuna kuona mfumu ili m'mwamba. Mai Njiri, mayi wamfupi wojintcha yemwe ankaphikira antchito thobwa, ndiye adayambitsa nyimbo. Iye ankatsogolera potchula chiwalo cha makwerero ndi ntchito yake, kuyambira pansanamira, onse n'kuvomera ndi mawu amodzimodzi opempha mfumu kuti ikwere ikadzionere. Gogomole ankagogoda mogwirizana ndi nyimboyo ngati ng'oma. A Nyani okha ndiwo sadafikeko. Ati nduna siimba ndi onyamula mitengo.

Koma taonani. Mmisiri ndi mbalame, omuthandiza ndi agologolo ndi apusi. Onsewo chibadwire sadayendepo ndi ziboda. Masitepe adawapanga a timitengo tobulungira, tabwino kuterapo mbalame, totalikirana mtunda woti pusi adumphe.

Tsiku loyesa, a Njati adakweza mwendo, sudafike. Adadzikoka, adabuula, chiboda chidafika pakamtengo, tereree, khu! Mfumu chagada, miyendo m'mwamba. Ana adaseka, amayi awo n'kuwatsina. Kabawi ali pamwala, kwee, kwee.

Gulo sadalire. Adazungulira mwendo wa mfumu, mutu m'mwamba, mutu pansi.

"Wawa mfumu, tapondani apa. Chiboda chanu chimafuna malo aakulu bwanji? Nanga mwendo mumaukweza mpaka pati osamva kuwawa?"

Adayeza ndi mchira wake. Kenako adatembenukira kwa Mai Njiri.

"Mayi, inu mudzakwerako?"

"Ndi timiyendo tangati? Usandiseke, mwana iwe."

"Takwezani ndione."

Basi adagwirizana. Popondapo pakhale thabwa lophwathalala, lokwana chiboda cha mfumu, ndipo kutalika kwa sitepe kutengere mwendo wa Mai Njiri, pakuti pomwe wamfupi wakwera wamtali salephera. Adaphwasula, adamanganso, nyimbo n'kuwonjezeka ndime.

Ulendo wachiwiri a Njati adakwera bwino ndithu, gu, gu, gu, nyimbo ikuwakankha kumbuyo. Atafika chapakati, wefuwefu.

"Ndipume."

"Pumani, mfumu."

"Ndipume pati? Miyendo yakutsogolo ili kumwamba, yakumbuyo ili kunsi, mimba ikungolendewera! Potembenukira palibenso!"

Adatsika chafutambuyo, Mai Njiri akuwagwira chiboda n'kuchiika pathabwa, sitepe ndi sitepe. Tsiku limenelo kudawomba kamphepo konunkhira mvula, ndipo Kabawi adafunsa Gulo ngati akudya mokwanira.

"A mmisiri," adatero Gulo, "kodi anthu aja sapuma?"

Gogomole adakanda mutu. "Aaa, ndidaiwala! Pakati amasiyapo malo otakata, popumira, pomwe makwerero amakhota. Ine ndinkayesa ndi pogona galu."

Adazika nsanamira zina, adayala matabwa, popumira padakhalapo, nyimbo n'kuwonjezekanso ndime.

Ulendo wachitatu a Njati adafika popumira paja bwinobwino. Adapuma, adatembenuka mwaufumu, n'kuyang'ana pansi. Ogo! Adagona chafufumimba, maso tseke.

"Kumwamba sindipita, pansi sindipita. Bweretsani udzu, ndizikhala pompano."

Dzuwa lidafika pamutu ali pomwepo. Gulo adakwera n'kukhala pafupi ndi khutu lawo.

"Mukuopa chiyani kwenikweni, mfumu? Thabwali ndi lolimba."

"Ndili ndi mantha, mwana iwe, osauza munthu," adanong'ona a Njati. "Thabwa sindikulikayika. Koma m'mbalimu mulibe kanthu, muli mphepo yokhayokha."

Adawaphimba kumaso ndi tsamba la nthochi n'kuwatsitsa. A Nyani, omwe ankaonerera chapatali, adaseka mpaka kugwira nthiti.

"Chasowa ndi chogwirira," adatero Gogomole. "Nsungwi yosalala, yotsata makwerero mbali zonse ziwiri, yokhala pa timizati."

"Mfumu ilibe zala," adatero Gulo. "Igwira ndi chiyani?"

Adayankha ndi Mai Njiri, akuvundula thobwa.

"Itsamira ndi nthiti, monga ndichitira ine ndikamadzikanda pamtengo."

Choncho m'malo mwa nsungwi adaika mtengo wonenepa, wosema mosalala, pamsinkhu wa nthiti za mfumu, ndi wina m'munsi mwake wa afupiafupi. Timizati adatiika mothithikana kuti ngakhale mutu wa mwana wa njiri usalowe pakati.

Ntchito idayenda, koma Gulo mtima udali m'malere. Adazindikira chinthu china choopsa. Mfumu ikafika pamwamba ipeza chiyani? Mitsuko yobooka. Ndipo mtsuko sulankhula. Makwerero onsewa adali atangomugulira masiku, ndipo masikuwo ankatha, chifukwa bingu lidali litayamba kung'ung'udza patali.

Ali m'maganizo amenewa, adaona Mai Njiri akutsika ndi mtsuko wa thobwa. Atangotsala pang'ono kufika popumira, phu! adapunthwa, n'kudzigwira ndi chogwirira.

"Iii, sitepe iyi idzandipha! Tsiku ndi tsiku pomwepomwepa!"

Nthenda ija idadzuka. Gulo adathamangirapo, mutu m'mwamba, mutu pansi. Adayeza sitepeyo ndi mchira, adayezanso zinzake. Idali yotalikirapo kuposa zinzake ndi kachala kamodzi kokha, ka buluzi.

"Mayi, zikutheka bwanji? Mumadumpha mizere ya m'munda osagwa, kachala kokhaka kakugwetseni?"

"Mzere ndimauona, ndimaukonzekera. Koma pano miyendo ikazolowera masitepe oyambawo imangoyenda yokha, ine maso ali kwina. Ndikafika apa phazi limayesa lafika, koma thabwa kulibe."

Gogomole adachita manyazi. "Ndalakwitsa ndine. Ndiizule pompano."

"Ayi, a mmisiri! Isiyeni!" Gulo maso adali waliwali. "Mayi, iikeni m'nyimbo."

Mai Njiri adapeka ndime yomaliza. Inkachenjeza wotsika kuti akaona popumira patsogolo pake atsamire chogwirira, atalikitse phazi, chifukwa pali sitepe ina yosakonda odzikuza. Mudzi wonse udaiphunzira, ana omwe, ndipo palibe adapunthwanso.

Tsiku lotsegulira makwerero kudacha kuli bii, mitambo yolemera. Kabawi adabwera atasamba. Tsono mwambo wa mudziwo unkati njira yatsopano ayambe kuyendamo ndi nduna, kupita ndi kubwerera, choimirira ndi miyendo iwiri, litchowa la mfumu lili m'dzanja, kuti onse aone kuti mfumu ingadutsemo. A Nyani akulandira litchowalo, Gulo adayamba kucheza ndi Gogomole, mawu okweza pang'ono.

"A mmisiri, ndiye kuti kuyambira lero aliyense azikwera kunkhokwe?"

"Aliyense. Ndi akamba omwe."

"Ndiye kuti mitsuko izikhala ndi maso tsiku lonse? Munthu sadzakhalanso yekha kumeneko?"

"Zatha zimenezo."

Khutu la a Nyani lidagwedera. Gulo adatembenukira kwa iwo, ulemu wonse.

"A nduna, chonde potsika mugwire chogwiriracho. Tapangira okalamba ndi olemera thupi, ndipo inu masiku ano mwanenepa ndithu."

Khamu lidaseka. A Nyani adafwenthera.

"Ine? Wobadwira m'mitengo ine, ndigwire ndodo ya nkhalamba?"

Adakwera monyang'wa, litchowa m'dzanja lamanja, lamanzere kumsana. Pamwamba adakhalitsako. Mfumu idafunsa kuti akuchedwa ndi chiyani, Gulo n'kuti mwina akusesa. Dontho loyamba la mvula lidagwa pamphuno pa Kabawi, iye n'kusendera pafupi ndi Gulo.

Kenako a Nyani adatulukira, masaya ali tuu, dzanja likadali kumsana. Mai Njiri adayambitsa nyimbo, mudzi n'kuvomera.

"A nduna, tithandizeni kuimba!" adakuwa Gulo.

"Mmm."

"Mwati bwanji?"

"Mmm!"

Adatsika mokoma, miyendo itazolowera, maso ali pakhamu. Nyimbo idafika pandime yomaliza, ana omwe akutalikitsa timapazi tawo pansi pomwe adaima. Koma a Nyani nyimbo ya onyamula mitengo sankaidziwa, ndipo sadaitchere khutu. Phazi lidaponda mphepo. Litchowa uko, matako pathabwa, phi! Pakamwa yasa!

Abale, nzama! Zidatuluka ngati wina wagubuduza lichero. Mwini wake adakunkhunizika mpaka kukatsakamira pa timizati ta popumira, apo ayi akadafera pansi. Koma nzama sizidaime. Zidadumpha sitepe ndi sitepe, go, go, go, mpaka kudzaima paziboda za mfumu.

Nyimbo idaduka. A Njati adawerama, adanunkhiza nzama imodzi, n'kuyetsemula ndi phulusa lomwe lidali lisanasukuluke ndi malovu. Adayang'ana m'mwamba, adayang'ananso pansi.

"Kodi a nduna," adafunsa pang'onopang'ono, "ichi n'chiyani?"

A Nyani adadzambatuka. Adalumpha chogwirira chomwe adachinyoza chija, adagwira thanthwe ndi zala, n'kuthawira kuphiri atagwira matako. Ana awo ali komweko mpaka lero, amangotsika kudzaba m'minda.

"Nanga ine?" adadandaula Kabawi. "Ndanola zikhadabo nyengo yonseyi."

"Kawatsate a Nyani," idatero mfumu. Kabawi adayang'ana kukula kwa a Nyani n'kunena kuti sadali ndi njala kwenikweni.

Mvula idayamba kuwaza. A Njati adatsamiritsa nthiti pachogwirira n'kuyamba kukwera. Popumira adapuma, adayang'ana pansi n'kupitiriza kukwera. Adafika pamwamba, Mai Njiri ali pambuyo ndi timiyendo take, mudzi wonse uli pamzere. Adaiona nkhokwe yawo. Mitsuko ina idali yobooka, koma yambiri idali yomata, mbewu yokwanira kudzala. Adaona ndi mudzi wawo uli pansi, ndipo adaima nthawi yaitali osatafuna kanthu.

Potsika, aliyense atasenza mtsuko, mfumu idaimba nawo ndi liwu lake la besi, ndipo pasitepe ija idatalikitsa chiboda ngati wina aliyense. Itafika pansi idaitana Gogomole.

"Sitepe imeneyo ikonzedwe."

"Wawa mfumu, ndifunseko," adatero Gulo. "Munthu angatsike bwinobwino pamenepo osaimba?"

"N'kovuta."

"Nanga angaimbe m'kamwa muli nzama?"

A Njati adaseka mpaka chogwirira kugwedera. Lamulo lidakhazikika pomwepo: nkhokwe ilibenso mlonda, aliyense akwere nthawi yomwe wafuna, koma potsika atsike akuimba, mudzi uzimva.

Khamu litayamba kubalalika kukatenga makasu, mfumu idagwada mumatope mpaka mphuno yake kufika pomwe padali Gulo.

"Udandipempha chinthu tsiku lija pabwalo, ine ndidachita ulesi. Tayasama."

Gulo adayasama. A Njati adasuzumira. Mudali timano tating'onoting'ono ngati nthangala za bonongwe, ndi kamwendo ka nyerere katakanirira pakati.

Manyazi adaigwira mfumu kuposa tsiku lomwe idagwa chagada ana akuona.

"Ndikadangoyang'ana," idatero. "Sipakadafunika ngakhale sitepe imodzi. Pepa, Gulo."

Gulo adafuna kuyankha mwaulemu, koma maso ake adali atagwera kale pamphuno ya mfumu.

"Zikomo, mfumu. Koma kodi mphuno yanuyi imakhaliranji yonyowa nthawi zonse?"

Nthenda ija sadachire nayo. Mukadzamuona pamwala kapena pakhoma, mutu m'mwamba, mutu pansi, musamuponye miyala, akuyeza sitepe. Nthano yanga yatsika yafika pansi osapunthwa. Kaphuleni mbatata zija zisanasanduke makala.